Dzalanyama ikatha, GDP idzatiuza chiyani?

Nachisale
Abale, ndili ndi funso kwa inu amene munaphunzira zachuma, ndipo yankho lake lisazungulire. Chaka chilichonse nduna ikamawerenga bajeti ku Nyumba ya Malamulo timamva kuti chuma chikula ndi maperesenti akutiakuti. Nambala imeneyi ndi GDP, kuphatikiza kwa katundu ndi ntchito zonse zimene dziko lapanga m'chakacho. Tsono tengani Dzalanyama. Nkhalango ija ndi ya mahekitala oposa 90,000, ndipo mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu awiri a Kamuzu, umachokera komweko. Mitengo ikaima chilili, n'kumagwira madzi a mvula ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono mpaka mu Okutobala, mu GDP simulowa kalikonse. Wina akaigwetsa n'kucheka matabwa kapena kuchizira fodya, pamenepo ndiye ndalama yaoneka. Damu likadzaza matope n'kulemba kontilakita woti achotse, chuma chakula. Tikayamba kukoka madzi ku Salima, mtunda woposa makilomita 100, ndi mapaipi a ngongole, chakulanso. Muyezo wanji umene umakwera zinthu zikamawonongeka? Funso lachiwiri: pa kukula kumeneku, akudya ndani?

Bambo a Chisomo
Achemwali, mukuimba mlandu sikelo chifukwa sinakuuzeni ngati nyama ili yabwino. GDP anaipanga kuti iziyeza zimene zapangidwa m'chaka, basi. Ngakhale Simon Kuznets, amene anakonzera boma la America mawerengedwe oyamba mu 1934, anachenjeza yekha kuti moyo wabwino wa anthu sungadziwike pongoona nambala ya ndalama za dziko. Vuto ndi andale ndi atolankhani amene amaitenga ngati ndi zonse. Za kuwononga kumene mwini wake salipira, akatswiri a zachuma anazilemba kalekale. Arthur Pigou mu 1920 ananena kuti amene ntchito yake ikuvulaza ena azilipira msonkho wofanana ndi chivulazocho. Palibe chachilendo apa. Zida zilipo, sitizigwiritsa ntchito.

Nachisale
Bambo a Chisomo, ngati chenjezo linaperekedwa mu 1934 ndipo mpaka lero a IMF akabwera amafunsabe GDP, kukwera mitengo kwa zinthu ndi ngongole, osafunsa kuti mitsinje ingati yaphwa, ndiye chenjezolo linathandiza ndani? Chinthu chikakhala m'buku koma pa tebulo pogawa ndalama palibe, kwa ine n'chimodzimodzi kulibe.

Wa ku Mitundu
Ndikuwerenga mwachidwi chifukwa ine kwathu n'kufupi ndi nkhalango mukunenayo, ndipo ndinaphunzira sukulu ndi ndalama ya makala. Sindibisa. Malume anga ndi amene ankaotcha. Ndikufuna mudziwe mmene ntchito ija ilili. Kudula, kuduladula, kusanja, kukwirira ndi dothi ndi udzu, kuyatsa, kenako kugona patchire kulondera uvuni kuti usaboke, chifukwa ukaboka zonse zimasanduka phulusa. Zikapsa, kufukula, kulongedza, kumangirira matumba atatu panjinga, n'kuyamba kukankha usiku kuti m'bandakucha mukhale mutafika m'tauni. Pamsewu pali oti muwapatse kenakake. Mukagwidwa, makala apita, njinga yapita. Amene amabwera ndi lole usiku ndi anthu ena, ndipo sitinamvepo kuti agona m'chitolokosi. Ndiye mukamati "amene akuwononga azilipira", ine ndimaona nkhope ya malume anga, chifukwa ndi okhawo amene amagwirika.

Mayi Nangozo
Mwana wanga wa ku Mitundu, wanena zoona, ndipo ndikunena ngati munthu amene ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zankhalango mpaka kupuma. Mu 2015 boma linatumiza asilikali kukalondera Dzalanyama. Mu 2020 lamulo la nkhalango linasinthidwa, zilango zinakwera. Koma mbaula m'tauni sizinazime ngakhale tsiku limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zokhala ndi magetsi ndi pafupifupi 11 pa 100 zilizonse, ndipo ngakhale m'nyumba za magetsizo nyemba zimaphikidwa pa makala. Bwana wa ku Area 47 amene masana amalemba lipoti lodzudzula kudula mitengo, madzulo ali ndi thumba m'galimoto. Sindikumunyoza, nanenso ndimagula. Ndikungoti mlandu timaupereka kwa munthu mmodzi pamene odya tili ambiri.

Kadaulo wa ku Leeds
Moni nonse. Ndiyankheko a Bambo a Chisomo, chifukwa mfundo yawo ili ndi mbali yoona. Zida zilipodi, koma taonani zimene zimatuluka mukazigwiritsa ntchito. Mu 2021 Partha Dasgupta wa ku Cambridge anatulutsa lipoti limene unduna wa zachuma wa Britain unamutuma. Si munthu wa zionetsero ayi, ndi katswiri wa zachuma weniweni. Anaonetsa kuti kuyambira 1992 mpaka 2014, pa munthu aliyense padziko lapansi, chuma chopangidwa ndi manja monga misewu, nyumba ndi makina chinawirikiza kawiri, chuma cha maphunziro ndi thanzi chinakwera ndi 13 peresenti, koma chuma chachilengedwe chinatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Mfundo yake ndi yakuti GDP imayeza zolowa m'thumba chaka chino, osayang'ana ngati katundu amene akubweretsa ndalamayo akutha. Zili ngati bambo amene akuzula malata a nyumba yake limodzilimodzi n'kumagulitsa, kenako n'kumauza anzake kuti chaka chino geni yayenda.

Kwathu kafukufuku wotere anachitikapo. Mu 2011 lipoti limene boma linapanga ndi mabungwe a United Nations linapeza kuti kugwiritsa ntchito zachilengedwe mosasamala kumatayitsa Malawi ndalama zofanana ndi 5.3 peresenti ya GDP chaka chilichonse. Nthaka yokokoloka, nkhalango, nsomba, utsi wa m'khitchini. Tsono yerekezani ndi zaka zimene timauzidwa kuti chuma chakula ndi 4 peresenti kapena kuchepera apo. Mukachotsera, mwina tikubwerera m'mbuyo uku tikuomba m'manja.

Bambo a Chisomo
Akulu a ku Leeds, mwandithandiza ndinu. Dasgupta ndi wa zachuma, World Bank imawerengera kale chuma cha mayiko pophatikiza nkhalango ndi miyala, ndipo mu 2021 United Nations inavomereza njira yowerengera zachilengedwe m'mabuku a dziko. Ndiye phunziro lathu likudzikonza lokha. Chimene ndimakana ine ndi maganizo akuti kukula kwa chuma n'koipa. Amene amanena zimenezo ali ku Ulaya, mimba zili zokhuta. Munthu wa ku Mitundu amadula mtengo chifukwa ndi wosauka. Mupatseni ntchito ya pafakitale, mupatseni gasi wotchipa, nkhwangwa aisiya yekha. Popanda chuma kukula, tigawana umphawi.

Che Jafali
kkkk Bambo a Chisomo, fakitale yake iti? Ine chibadwire ndikumva kuti zikubwera.

Agogo aPhiri
Ana inu, ndiloleni ndilankhule za kukula kwa chuma, chifukwa ena tinakuona ndi maso. M'zaka za m'ma 1970 chuma cha Malawi chinkakula pafupifupi 6 peresenti pachaka, ndipo azungu ankatitchula ngati chitsanzo. Kunkakula bwanji? Malo a makolo ankasandutsidwa maesiteti a fodya, makamaka ku Kasungu, Mchinji ndi madera ena a chigawo chapakati. Amene ankapatsidwa malizi anali anthu a maudindo. Mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale, lamulo linkakana, mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Iye ankalima chimanga, mtedza, thonje ndi fodya wakuda, n'kugulitsa ku ADMARC pamtengo wotsika, ndipo phindu lochokera pamenepo linkapita kukathandiza maesiteti omwewo. Wosowa malo ankakakhala tenanti. Mitengo yomangira zigafa ndi yochizira fodya inkachokera m'tchire lomwelo la mombo ndi tsanya.

Ndiye mwini esiteti anapeza ndalama, dziko linapeza nambala yabwino, tchire linatha, mdzukulu wa tenanti lero ndi uyo akukankha njinga ya makala. Mukamati tidikire chuma chikule, ine ndimati chinakulapo kale, ndipo ndikudziwa kumene chinapita.

Nachisale
Agogo, apa mwayankha funso langa lachiwiri kuposa mmene ndikanayankhira.

Bambo a Chisomo
Agogo, ulemu wanu. Koma zimene mwafotokozazo si msika, ndi boma kulanda alimi kudzera m'malamulo. Akatswiri a zachuma ndi amene anadzudzula zimenezo, ndipo ndi amene anakakamiza kuti alimi ang'onoang'ono aloledwe kulima bale. Musaiwale mbali imeneyo.

Agogo aPhiri
Sindinaiwale, bambo. Sindinaiwalenso kuti akatswiri omwewo anatiuza kuti misika ya ADMARC ya kumidzi itsekedwe chifukwa sipindula, mavenda adzafika okha. Kumene msewu uli woipa anafika mochedwa, ndi sikelo zawo. Ndipo njala ya 2002 inatipeza nkhokwe za dziko zitagulitsidwa chimanga. Za amene analakwa, a boma ndi a IMF analozana zala. Amene anaika maliro ndi ife.

Mlongo wa ku Joni
Ndilowererepo pa za kudikira. Kuznets yemweyo mu 1955 ananena kuti dziko likayamba kutukuka, kusiyana kwa olemera ndi osauka kumayamba kwakula, kenako kumatsika. Anthu anaitenga mfundoyi ngati lamulo la chilengedwe. Bwerani kuno mudzaone. South Africa ili ndi mafakitale, migodi, mabanki, misewu ya Gauteng yosanjikizana. World Bank imaiika pamwamba pa mayiko onse pa kusiyana kumeneku, muyezo wa Gini, umene umayeza kusiyanaku kuyambira 0 mpaka 1, uli cha pa 0.63. Kuchoka ku Sandton kupita ku Alexandra ndi ulendo wa mphindi zochepa, koma mungaganize kuti mwadutsa malire a dziko. Ife obwera timagwira ntchito m'nyumba za mbali imodzi n'kumagona mbali inayo. Kutsika kuja sikubwera kokha. Kumene kunatsika, monga ku Ulaya itatha nkhondo yachiwiri, kunali misonkho yokwera kwa olemera, mabungwe a antchito amphamvu ndi sukulu zaulere. Katswiri wa zachuma Thomas Piketty anasonkhanitsa manambala a misonkho a zaka zoposa 100 n'kuonetsa zimenezi, kuti kuyambira cha m'ma 1980 kusiyana kunayambanso kukwera m'mayiko olemera omwewo.

Kadaulo wa ku Leeds
Kwathunso manambala alipo. Oxfam mu 2015 inalemba kuti mu 2004 anthu 10 pa 100 olemera kwambiri m'Malawi ankagwiritsa ntchito ndalama zochuluka ka 22 kuposa anthu 10 pa 100 osaukitsitsa. Pofika 2011 zinafika ka 34. Kumbukirani kuti zimenezi ndi zaka za Bingu zoyamba zija, za makuponi a feteleza, pamene GDP inkakula kwambiri mpaka dziko lonse lapansi linkatiyamikira.

Wa ku Mitundu
Ine manambalawa ndawamva. Koma ndifunse chinthu chimodzi kwa a ku Leeds. Mukati tiike mtengo wake pa nkhalango, kuti Dzalanyama ndi ya mabiliyoni akuti, ndalamayo idzakhala ya ndani? Chifukwa chinthu chikangodziwika kuti n'chodula, eni ake amasintha.

Mayi Nangozo
Funso limeneli ndi lalikulu kuposa onse amene afunsidwa pano. Funsani anthu a ku Rumphi ndi Chitipa zimene zinachitika paki ya Nyika itakulitsidwa mu 1978. Midzi inasamutsidwa, anthu anasiya manda a makolo awo, ndipo madandaulo ake sanathe mpaka lero. Pamenepo chilengedwe chinapatsidwa ulemu, munthu ayi. Ku Thyolo ndi Mulanje nkhani ndi ina koma muzu ndi womwewo. Malo abwino anatengedwa m'zaka za m'ma 1890 ndi zikalata zimene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ankapereka kwa azungu, thangata n'kuyambira pomwepo, ndipo mpaka pano tiyi ali pamalo athyathyathya pamene anthu akulima m'mapiri motsetsereka moti khasu umalimira utagwira chitsa. Munthu wa m'tauni akadutsa amati anthu awa ndi osamva, akulima m'phiri. Akalime kuti?

Ndiye ine mawu akuti "chuma chachilengedwe" ndimawalandira ndi dzanja limodzi. Pano kwabwera za kaboni. Kampani yakunja imalipira kuti nkhalango isadulidwe, iyo n'kumapitiriza kutulutsa utsi kwawo. Pepala limasainidwa mumzinda. Mayi amene amatola nkhuni, bowa, masuku ndi mankhwala m'nkhalangomo amangouzidwa kuti kuyambira lero musalowe. Zimene ankapeza mayiyo sizinalembedwepo m'buku lililonse, ndiye pa pepala palibe chimene wataya.

Kadaulo wa ku Leeds
Amayi, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo akatswiri ambiri amakangana pa zomwezo. Pali vuto lina la mkati mwa mawerengedwe enieniwo. Njira yofala yopezera mtengo wa chinthu chosagulitsidwa pamsika ndi kufunsa kuti anthu angalolere kulipira zingati. Tsono wolemera angalipire zambiri pa chilichonse. Mlendo wochokera ku Germany wofuna kuona mbalame angatchule madola 200, mayi wa bowa uja angatchule ndalama yochepa, ngakhale kuti kwa iye ndi ndiwo za ana. Mukaphatikiza, mbalame za mlendo zapambana. Kusiyana kwa anthu kumalowa m'masamu n'kutuluka ngati chilungamo cha sayansi.

Koma kusaika mtengo nakonso kuli ndi ngozi yake, chifukwa pa tebulo la nduna chinthu chopanda nambala chimawerengedwa ngati ziro. Taonani magetsi athu. Ambiri amachokera pa Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Mapiri a kumtunda akametedwa, dothi limatsikira mumtsinje, limadzaza pamalo otungira madzi, limadya makina. Namasupuni naye amatseka. Mbali ina ya thandizo la America la madola 350 miliyoni, limene linagwira ntchito kuyambira 2013 mpaka 2018, inapita kogula makina ochotsa matope ndi zomera. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaphwanya damu la Kapichira, tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Wolemera anagula jenereta ndi sola, ndipo kugulako kunalowa mu GDP. Wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo ku Ndirande anangokhala. Pakanakhala wowerengera kuti mtengo woima ku Ntcheu kapena ku Neno ukupulumutsa ndalama zingati ku Nkula, bwenzi mlimi wa kumeneko akulipidwa chifukwa chousunga.

Che Jafali
Inu mukukamba za ku Cambridge, ine ndikuuzeni za ku Salima. Chilumba cha Mbenji. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mafumu a kwa Makanjira amatseka usodzi pachilumbapo nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo. Nthawi imeneyo palibe wokhala pachilumba. Potsegula pamakhala mwambo. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, zida zina zophera nsomba n'zoletsedwa, wolakwa amathamangitsidwa. Utaka wa ku Mbenji mpaka lero ndi wonenepa, pamene malo ena a nyanja chambo chinatha ndipo anthu akukokera maneti a udzudzu. Palibe anawerengera kuti chilumbacho ndi cha madola angati. Palibe anachigulitsa kwa kampani. Anthu amadziwana, mfumu ili pomwepo, wakuba amaonedwa.

Kadaulo wa ku Leeds
Che Jafali, zimenezo ndi zimene Elinor Ostrom anapatsidwira mphoto ya Nobel mu 2009. Kuyambira 1968, Garrett Hardin atalemba kuti chinthu cha anthu onse chimatha chifukwa aliyense amathamangira kutengako, ophunzira ankauzidwa kuti njira ndi ziwiri zokha: boma lilande kapena chigulitsidwe kwa munthu mmodzi. Ostrom anasonkhanitsa nkhani za asodzi, abusa ndi alimi a mthirira m'mayiko ambiri n'kupeza kuti anthu amatha kudziikira malamulo okha, bola malire adziwike, malamulo apangidwe ndi ogwiritsa ntchitowo, ndipo chilango chiyambe chaching'ono n'kumakula.

Che Jafali
Ndiye mayiyo analandira mphoto pa zimene a Makanjira anayamba iye ali mtsikana. Chabwino.

Bambo a Chisomo
kkkk Che Jafali. Koma tisanamizane, Mbenji ndi kachilumba, wobwera amaonekera patali ali m'bwato. Dzalanyama ili m'maboma atatu, Lilongwe, Dedza ndi Mchinji, mbali ina ndi malire a Mozambique, ndipo pafupi pake pali mzinda wa anthu pafupifupi miliyoni imodzi ofuna kuphika kawiri patsiku. Mfumu iti ingaletse lole ya munthu amene ali ndi nambala ya foni ya akuluakulu? Mafumu enanso ndi omwe amagulitsa malo. Tisawapange angelo.

Mayi Nangozo
Pamenepo sindikutsutsani. Makomiti a zachilengedwe a m'midzi ndinawaona ambiri. Amene anayenda bwino ndi amene nkhalango yake inali yaing'ono, ya mudzi umodzi, ndipo anthu ankaloledwa kudulamo milimo ndi kuika ming'oma ya njuchi. Amene anangopatsidwa ntchito yolondera nkhalango ya boma popanda chopeza, anatha pulojekiti itangotha ndipo ma alawansi atasiya.

Nachisale
Pali china chimene chimandivuta, mwina a Leeds mutithandize. Ndinamva kuti powerengera phindu la pulojekiti, zinthu za m'tsogolo amazichepetsa mtengo. Zimayenda bwanji?

Kadaulo wa ku Leeds
Ndi zoona, ndipo apa ndi pamene mitengo imafera pa pepala isanafe kutchire. Amati ndalama ya lero iposa ya mawa, chifukwa ya lero mungaiike ku banki n'kubereka. Ndiye phindu la m'tsogolo amalichepetsa chaka ndi chaka ndi peresenti imene asankha. Tiyerekeze kuti mbawa imene mwabzala lero idzakupatsani K1,000,000 pakatha zaka 30. Mukachepetsa ndi 1.4 peresenti pachaka, monga anachitira Nicholas Stern mu lipoti lake la kusintha kwa nyengo la 2006, lero mbawayo ndi ya K659,000. Mukachepetsa ndi 10 peresenti, ndi ya K57,000 yokha. Mukatenga 26 peresenti, chiwongoladzanja chimene Reserve Bank inaika mu 2024, sikwana ndi K1,000 yomwe. Mtengo ndi womwewo, mdzukulu wodzaudya ndi yemweyo, chasintha ndi nambala imodzi imene munthu wasankha mu ofesi. Stern ndi katswiri mnzake wa zachuma William Nordhaus anakangana kwambiri pa nambala imeneyi, chifukwa ikakhala yaikulu yankho limatuluka lakuti tisavutike lero, adzukulu adzaona okha.

Bambo a Chisomo
Apo mwachita chinyengo pang'ono, akulu. 26 peresenti ija muli kukwera mitengo kwa zinthu, kumene chaka chimenecho kunali cha m'ma 30 peresenti. Mtengo wa thabwa la mbawa nawo ukukwera limodzi ndi zinthu zina. Simungaphatikize nambala ya Stern, imene anachotsamo kale kukwera mitengo, ndi ya Reserve Bank imene sanachotsemo. Wophunzira wa chaka choyamba angakugwireni.

Wa ku Mitundu
Bambo a Chisomo, za Reserve Bank mukanganeni nokha. Kwathu chiwongoladzanja chimene timachidziwa ndi cha katapila, wabwereka K20,000 ubweze K30,000 kapena K40,000 mwezi ukatha. Ku banki mkhonde n'kochepera koma ndi pamwezinso. Mwana akadwala mu Febuluwale, ufa watha, ganyu kulibe, mtengo uli apowo ndi umene ulibe chiwongoladzanja. Zaka 30 munthu amene sakudziwa za Loweruka? Ndiye a Leeds mwina alakwitsa nambala, koma ya kumudzi ndi yoposa imene alembayo.

Mlongo wa ku Joni
Achimwene a ku Mitundu mwaigwira. Ndiye kuti umphawi ndi umene umakweza nambala ija, ndipo nkhalango singasungike pamene oizungulira ali ndi njala. A Bambo a Chisomo adzati ndi zimene ananena poyamba. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo akuti tidikire fakitale, ife tikuti ndalama ilipo kale m'tauni, ikungoyenda njira imodzi. Madzi amatsika kuchoka ku Dzalanyama kupita ku Area 10 kukathirira kapinga, makala amatsika, palibe chimene chimakwera kubwerera.

Agogo aPhiri
Ndipo zikavuta, madziwo amasankha nyumba. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, anafera pansi ndi anthu a ku Chilobwe, amene anamanga motsetsereka chifukwa poloti ya pabwino sangaikwanitse. Dziko lonse anthu oposa 600 anatsimikizika kuti amwalira, mazana ena sanapezeke. Phiri lija ife tinaliona lili ndi mitengo, monganso Ndirande. Boma ndi mabungwe anawerengera kuti zowonongeka zinaposa madola 500 miliyoni. Milatho ndi misewu n'zosavuta kuziwerengera. Nyumba ya zidina zosaotcha ya mayi wamasiye ilowa ndi ndalama zingati m'lipoti? Yochepa kwambiri, pamene kwa iye ndi zonse zimene anali nazo.

Nachisale
Ndiye tichite chiyani chogwirika? Ndisangokhala wodandaula. Ine maganizo anga ndi awa: pa bilu ya madzi ya mu Lilongwe pakhale kandalama kopita kwa midzi yozungulira Dzalanyama, ndipo wogwiritsa ntchito madzi ambiri alipire kambiri. Wotunga pa kiosiki asakhudzidwe, iye amalipira kale mokwera pa ndowa iliyonse.

Kadaulo wa ku Leeds
Zinachitikapo kwina. Costa Rica kuyambira 1997 imalipira eni malo chifukwa chosunga nkhalango, ndalama zambiri zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto. Nkhalango yawo inali itatsika kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dziko m'zaka za m'ma 1980, lero yaposa theka, ngakhale kuti zifukwa zina zinathandizapo, monga kugwa kwa malonda a ng'ombe. Mzinda wa New York nawo unasankha kulipira alimi ndi kugula malo kumapiri a Catskill kumene madzi ake amachokera, m'malo momanga fakitale yosefera madzi ya mabiliyoni angapo a madola. Chimene muyenera kusamala: ku Costa Rica poyamba amene ankapindula kwambiri ndi okhala ndi malo aakulu ndi mapepala a malowo. Kuyembekeza akunja kokha n'kowopsa. Ecuador mu 2007 inauza dziko lapansi kuti isiya mafuta pansi m'nkhalango ya Yasuní ngati ipatsidwa madola 3.6 biliyoni. Pofika 2013 inali italandira pafupifupi 13 miliyoni, ndipo pulezidenti Rafael Correa analamula kuti akumbe.

Bambo a Chisomo
Achemwali a Nachisale, zimene mwanenazo ndi Pigou yemwe uja ndinamutchula poyamba, mwangomutembenuza kuti m'malo molanga wodula mukulipira wosunga. Ndikuvomera, bilu yanga ikwere. Koma ndalamayo isadutse ku Account Number One, chifukwa ikalowa mmenemo sidzatulukanso ndi dzina lomwelo. Ndiponso makala m'tauni adzafunikabe. Mukatseka Dzalanyama popanda gasi wotchipa kapena makala ovomerezeka ochokera ku mitengo yobzala, lole zija zingokhotera ku Dedza, ku Ntchisi kapena kudutsa malire.

Mayi Nangozo
Ndipo isadutsenso m'masemina. Ndalama zambiri za mitengo zimene ndinaziona zinathera m'mahotela a ku Mangochi ndi ku Salima, kukambirana za mitengo. Chaka chilichonse timabzala mbande mamiliyoni nduna ili pomwepo ndi khasu latsopano, koma wobwerera mu Seputembala kukawerenga zimene zapulumuka ku moto ndi mbuzi sapezeka. Tchire la mombo silifuna n'kubzala komwe. Zitsa zimaphukira zokha mukangoletsa moto ndi nkhwangwa kwa zaka zingapo. Mulipire anthu pa mitengo imene ili moyo, osati pa mbande zimene zagawidwa.

Nachisale
Achimwene a ku Mitundu, inu ndi amene mukudziwa anthu ake. Malume anu angavomere?

Wa ku Mitundu
Malume anamwalira, chifuwa. Koma ana awo alipo ndipo awiri akuotchabe. Ndikuganiza kuti angavomere, pa zifukwa izi. Ndalama ibwere pa foni ya munthu aliyense, osadzera kwa amfumu kapena kwa tcheyamani wa komiti. Ibwere mwezi ndi mwezi, ndipo ichuluke kuyambira Disembala mpaka Malichi, chifukwa ndi nthawi imene anthu amalowa m'tchire kwambiri. Isachepere pa zimene munthu amapeza akagulitsa matumba ake pamwezi, apo ayi adzalandira masana n'kukaotcha usiku. Amayi asaletsedwe nkhuni zouma, bowa ndi udzu wofolera. Ndipo tsiku loyamba kugwira anthu, ayambe ndi lole, ife tione. Akayamba ndi njinga, aliyense adzadziwa kuti ndi zomwe zija.

Che Jafali
Bambo a Chisomo, inu owerengera ndalama, tatiuzani: nyumba zokhala ndi mita mu Lilongwe zilipo zingati, ndipo iliyonse iwonjezere zingati kuti zikwane zimene anenazi?

Bambo a Chisomo
Ndifufuze kaye nambala ya makasitomala ndi ya mabanja ozungulira nkhalango, ndisaponye za m'mutu. A ku Mitundu, nditumizireni kumbali kuti munthu mmodzi amatulutsa matumba angati pamwezi ndipo amagulitsa bwanji ali kutchire, osati mtengo wa m'tauni. Ndiyambira pamenepo.